Inde, Ayi, Dikira

"Appa, kodi 'dikira' ndi inde kapena ndi ayi?"

Senthuran anawerenga funsolo mokweza, chala chili pa tsamba loyamba la buku, kenaka anadzutsa mutu kuti aone ngati alendo amva. Anali amuna atatu a bungwe la kiriketi, onse aimvi, atakhala mothithikana pampando wautali pansi pa chithunzi cha malemu bambo ake, amene ana awo ankawatchula Appa. Mmodzi anaseka pang'ono, wina anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri," anatero wamkulu mwa iwo. "Ndiye munali inuyo?"

"Ndinali ine," anayankha Senthuran. "Ndikukumbuka ngati dzulo. Tinali pakhonde pomwepo."

Mlongo wake wamkulu, Yalini, amene iye ankamutchula Akka, anaika thireyi ya tiyi patebulo osagwedeza kapu ngakhale imodzi. Tsiku limene funsolo linafunsidwa, Senthuran anali ndi zaka zitatu ndipo anali m'tulo. Anafunsa ndi Yalini, atavala yunifolomu, m'manja muli kalata ya aphunzitsi yopempha chilolezo cha ulendo wa kunyanja. Bambo ake anali atayankha kuti "dikira" masiku anayi otsatizana. Patapita zaka khumi ndi ziwiri, bambo akewo, a Kathiravelu, atasiya zosewera n'kuyamba kulemba mabuku, amene anataipa tsambalo anali Yalini yemweyo, ndi luso limene anakaliphunzira kusukulu ya madzulo. Atafika pa dzina la Senthuran, lolembedwa m'malo mwa lake, anaima.

"Owerenga za masewero amafuna mwana wamwamuna," anatero bambo ake tsiku limenelo. "Ndi nkhani chabe, usaitengere kumtima."

Iye anataipa.

Tsopano linali tsiku lachitatu chiwotchereni mtembo. Phulusa anali atakalitaya kale kunyanja, ndipo m'nyumba munatsala nyali yoyaka usana ndi usiku, nkhata ya maluwa pachithunzi, ndi mabuku. A Kathiravelu analemba mabuku asanu ndi limodzi, koma limene linawatchukitsa ndi loyamba lomweli, *Inde, Ayi, Dikira*. Mabwana a m'mabanki ndi aphunzitsi aakulu ankaligula mwaunyinji, anthu oti sanagwirepo thabwa lomenyera mpira. Mfundo yake inali yosavuta. Pa kiriketi omenya amakhala awiri, wina uku wina uko, ndipo mpira ukamenyedwa amathamanga kusinthana malo adani asanaubweze. Wochedwa kufika pamzere, mpira n'kugwetsa timitengo, watuluka. Ndiye pali mawu atatu okha ofuulirana: inde, ayi, dikira. Moyo wonse wa munthu, analemba a Kathiravelu, uli m'mawu atatu amenewa, ndipo amene amapha ndi achitatuwo akakhalitsa m'kamwa.

"Koma mutu wachinayi," anatero mlendo wachiwiri, akuuzira tiyi. "Ine ndimawawerengera anyamata anga chaka chilichonse. 'Mnzanga amene anazengereza.' Munthu wamva inde, iye n'kuyamba kuganiza ali pakati pa njira. Mwayi wake wolowa m'timu ya dziko unathera pomwepo."

"Kodi mnzakeyo anali ndani?" anafunsa wachitatu, amene anakulira kutali, ku Johor.

Wamkulu uja anatsokomola n'kuyang'ana khoma. M'tauni yawo ya Taiping munthu aliyense wa msinkhu wake ankadziwa. Kuseri kwa khomalo kunali nyumba ya a Loke Yat Sun. Nyumba ziwirizi zinali za denga limodzi, ndipo anazigula tsiku limodzi a Loke ndi a Kathiravelu, ali anyamata otsegulira limodzi masewero a timu yawo.

Alendo atapita, azakhali a Thangam, mlongo wa malemu, anatulukira ndi mbale zimene a Loke anapatsira pampanda. M'nyumba ya maliro simuphikidwa, ndipo chiyambire tsiku loyamba nkhalambayo inkabweretsa chakudya chopanda nyama m'mawa ndi madzulo, koma osalowa.

"Mchaina ameneyu mchere amauopa ngati njoka," anatero azakhali, akumaliza mbale yachiwiri.

"Akka, takhalani pansi," anatero Senthuran. "Ine ndege yanga ndi ya tsiku lachisanu ndi chinayi. Tisanamizane kuti nthawi ilipo."

Yalini anakhala kumphepete kwa mpando, nsalu yopukutira ili paphewa.

Nkhani yake ankaidziwa kale. Panali kampani yofuna kumanga masitolo mumsewu wawo, ndipo inkafuna nyumba zonse ziwiri, poti theka la denga silingagwetsedwe. A Loke anavomera zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Amene ankachedwetsa anali Appa.

"Appa sanavomere," anatero Yalini.

"Sanakanenso. Ndipo wilo sanasiye. Munthu wolemba mabuku asanu ndi limodzi ophunzitsa anthu kusankha, wilo osasiya. Ndiye lamulo likuti nyumbayi ndi yathu tonse awiri."

"Ine ndikakhala kuti?"

"Kunja, kwathu ku Perth. Pali chipinda kuseri kwa galaja, chili ndi bafa lakelake. Ana akukula osadziwa chilankhulo chathu cha Chitamil, ndipo mkazi wanga anayamba ntchito yosinthana nthawi, ndiye..."

"Wantchito wanu uja anachoka?"

Azakhali ndi amene analowererapo.

"Iwe usamuyankhe mlongo wako ngati wapolisi. Mkazi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, wopanda mwamuna, yekhayekha m'zipinda zinayi, uzicheza ndi abuluzi? Ukanakwatiwa ndi mphunzitsi uja bwenzi pano tikukamba zina."

"Jegan anabwera katatu, azakhali. Munalipo."

"Ndinalipo, eya. Mlongo wanga anati adikire kaye."

"Anadikira zaka zitatu."

"Nanga mwamuna ndi mtengo woti uupeza pomwe unausiya?"

Senthuran anakankhira patsogolo envulopu yaikulu. "Munthu wa kampani abwera m'mawa wa tsiku limene ndikunyamuka. Popanda dzina lanu palibe chingatheke. Ndipo ine, Akka, sindikufuna zokaima m'khoti ndi mlongo wanga."

Ananena mofatsa, koma mawu oti khoti anali atatuluka, ndipo onse atatu anawamva.

"Ndiganize kaye," anatero Yalini.

Senthuran anaseka, kuseka kopanda mano. "Mwawamva, azakhali? Appa sanafe."

Wansembe wa kukachisi anali atawauza kuti pa tsiku lachisanu ndi chitatu aike patsogolo pa chithunzi zakudya ndi zinthu zimene malemu ankazikonda. Choncho pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, chakumasana, Yalini analowa m'chipinda cholembera kukasankha. Magalasi anawapeza pomwe anawasiya, pamwamba pa nyuzipepala yosawerengedwa. Kabelu kamene ankamuitanira zaka zinayi zomaliza, miyendo itasiya kumvera, anakaponya m'kabati osakayang'ana. Cholembera cha inki sichinaoneke. Anatsegula madirowa limodzilimodzi mpaka lapansi, lodzaza makalata a owerenga, anthu othokoza kuti buku linawathandiza kusiya ntchito, kukwatira, kusamuka. Pansi pa makalatawo panali cholembera chija, ndi faelo yabuluu.

Munali mapepala anayi ochokera kwa loya. Mawu ake anali amodzimodzi, osiyana madeti okha. Onse ankanena kuti Kathiravelu akupereka nyumba kwa mwana wake wamkazi, Yalini. Loyamba linali la chaka chimene amayi anamwalira, zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Lomaliza linali la zaka zisanu zapitazo, miyendo isanafe. Pepala lililonse linali ndi kamtanda ka pensulo posonyeza posaina, ndipo pa kamtanda kalikonse panalibe dzina. Pa lomaliza pokha panali kadontho ka inki, pamene cholembera chinatera n'kudzukanso.

Yalini anakhala pansi nthawi ndithu, faelo ili pamiyendo. Kenaka anakapeza Senthuran pakhonde akumanga makatoni a mabuku oti akapereke kusukulu.

"Taona izi."

Iye anawerenga pepala lililonse mpaka pansi, monga munthu wozolowera mapepala. Lomaliza analikweza kudzuwa.

"Ankafuna nyumbayi ikhale yanga," anatero Yalini.

"Ankafuna."

"Waona kadontho ako?"

"Kadontho si dzina, Akka." Anabweza mapepala mufaelo mwadongosolo lake. "Kanayi konse. Kanayi anavala taye, kupita kwa loya, kufotokoza, kubwera nalo pepala kunyumba. Kulemba dzina kumatenga nthawi yaitali bwanji? Anasaina mabuku angati a anthu osawadziwa?"

"Ndiye iwe ukuti sankafuna."

"Ine sindikuti kanthu. Ndikuti ndatopa kumasulira munthu ameneyu." Anakhala pakatoni. "Mukuganiza kuti munadikira nokha? Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinawafunsa ngati ndili ndi luso, ndipitirize kiriketi kapena ndiisiye. Munthu woti ankangoona mnyamata atagwira thabwa n'kudziwa. Anati tione nyengo ikubwerayi. Zinadutsa nyengo zinayi tikuona. Mwana wanga woyamba atabadwa ndinawatumizira tikiti. Inatha mphamvu ili m'kabati. Mtsikanayo pano ali kusekondale, agogo ake amawadziwa pa chikuto cha buku."

"Iwe unakwera ndege. Ine ndinatsala kuwasambitsa."

"Ndikudziwa."

"Sukudziwa. Ukudziwa kutchula kwake."

Senthuran anatola chingwe n'kuyamba kuchikulunga pa chala.

"Senthu, funso lija unafunsa ndiwe?"

Anayang'ana kumsewu. "Ndalimva kambirimbiri, Akka. Mpaka ndimadziona ndikufunsa." "Si ine, eti?"

Yalini anatenga faelo n'kubwerera m'nyumba.

Tsiku lachisanu ndi chitatu moto unayakanso kukhitchini. Azakhali analamulira miphika kuyambira mbandakucha, ndipo pofika masana tsamba la nthochi linali litayalidwa pansi pa chithunzi: mpunga, nkhanu za tsabola, nyama ya mbuzi, mabilinganya okazinga, ndi botolo la mowa wakuda umene dokotala anawaletsa koma iwo sanausiye, sanapitirizenso poyera. Pambali Yalini anaika magalasi ndi cholembera. Kenaka anakwera pampando n'kutsitsa pamwamba pa kabati chinthu chimene panalibe anachikhudzapo kupatula bambo ake.

Linali thabwa la kiriketi, lokulungidwa m'nsalu yoyera. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, chiyambire Yalini ali wamng'ono, a Kathiravelu ankalitsitsa, kukhala nalo pakhonde lakuseri, n'kulipaka mafuta ndi kansanza, pang'onopang'ono, nkhope italoza kumpanda. Miyendo itafa, Yalini ndi amene ankawatsitsira, koma losamasula, ndipo ankamuuza kuti atuluke. Tsopano anangotsegula nsaluyo mbali imodzi n'kuligoneka pafupi ndi tsamba. Linali lofiirira ngati uchi, lopanda mng'alu.

Achibale anali atadzaza m'nyumba pamene a Loke anafika. Anavula nsapato pakhomo, analowa akutsimphina, malaya oyera atamangidwa mpaka m'khosi. Anthu anawapatsa njira. Anaima patsogolo pa chithunzi, anaphatikiza manja, anaweramitsa mutu. Poweramapo maso awo anagwera pa thabwa.

Anaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene pemphero limafunira. Kenaka anatembenuka, anadutsa anthu osapatsa moni aliyense, n'kutuluka. Nsapato anachita kuzinyamula m'manja.

"Nkhanu zamuopsa," anatero azakhali. Anthu angapo anaseka. Koma azakhali anasendera pafupi, anatsinzina diso limodzi. "Thabwa ili mwalitenga kuti? La mlongo wanga lili m'galasi kukalabu, anapereka yekha, ine ndilipo."

Yalini anagwada n'kulitembenuza. Kumsana kwake, pansi penipeni pa chogwirira, panali zilembo zitatu zazing'ono zowotchedwa ndi msomali wamoto: L.Y.S.

Analiphimbanso ndi nsalu. Wansembe anayamba kuimba.

Chakumadzulo mvula ya tsiku ndi tsiku inagwa n'kukata. Achibale anabalalika ndi zotsala m'mapaketi, azakhali anakagona, Senthuran anapita kukatsanzika anzake akale. Patebulo lodyera anasiya pepala la kampani ndi cholembera. Pamalo oti Yalini asaine, Senthuran anali ataikapo kamtanda ka pensulo.

Yalini anatenga thabwa ndi nsalu yake n'kutulukira kuseri. A Loke anali atakhala pakampando pakati pa mitengo yawo ya mandimu ya m'miphika, manja ali pamawondo, sakuchita kanthu.

"Ankolo, ili ndi lanu."

Sanadzuke. "Ndinalitaya m'ngalande kuseri kwa bwalo la ku Ipoh. Chaka cha 1974."

"Ankalipaka mafuta mwezi uliwonse."

"Fungo la mafuta amenewo limadutsa mpanda. Ndinkaganiza kuti akupaka lake. Ndinkati, taonani munthu wodzikonda, mpaka kupembedza thabwa."

Yalini anatsamira mpanda. Unali wofika m'chiuno, wa waya, ndipo madzi a mvula ankadonthabe.

"Mutu wachinayi uja ndinataipa ndine."

"Unataipa bwino. Ndinawerenga kawiri, sindinapeze chilembo cholakwika."

"Zinayenda bwanji, Ankolo?"

Nkhalambayo inapuma mozama.

"Mpira anamenya ndi iyeyo, unapita kutsogolo. Ndiye woitana anali iye, poti ndi amene ankauona bwino. Anati inde. Ine ndikamva inde sindiyang'ananso mpira, ndimaweramitsa mutu n'kuthamanga, ndi mmene anatiphunzitsira. Ndili pakati ndinamva dikira. Podzutsa mutu ndinaona msana wake. Anali atabwerera kale, thabwa lake lili pamzere. Ine ndinatsala pakatipo ngati ng'ombe pamsewu, kutsogolo kuli mwini, kumbuyo kuli kutali. Osankha timu anali atakhala pamthunzi ndi mabuku awo. Iye anasewera mpaka madzulo, anasewera bwino kwambiri, zimenezo sindingamulande. Osankha aja anamutenga. Ine Lolemba ndinabwerera ku ofesi ya zamadzi, ndipo ndinakhalako zaka makumi atatu ndi chimodzi."

"Bwanji simunanene?"

"Kwa ndani? Bwalo linali lodzaza, onse anaona. Buku litatuluka, onsewo anayamba kukumbuka za m'bukumo. Ngakhale amene anandipepesa tsiku lomwelo."

"Iwo anapepesapo?"

A Loke anamwetulira mbali imodzi. "Ankabwera pomwe waimapo. Mwina kawiri pachaka. 'Loke, pali nkhani.' Ine n'kuti, kamba. Iye n'kuyang'ana uku, kuyang'ana uko. 'Mandimu ako abereka bwino chaka chino.' Zaka makumi asanu, mwana wanga. M'chigawo chonse cha Perak mulibe mandimu anatamandidwa ngati angawa."

Anadzuka pang'onopang'ono, akugwira mphika, n'kubwera kumpanda. Yalini anawapatsira thabwa. Pomasula nsalu, kanthu kena kanalendewera pangodya: kachikatoni kachikasu komangidwa ndi ulusi. Panalembedwa ndi dzanja la bambo ake, lija la kale losanjenjemera, dzina la a Loke ndi nambala ya nyumba yawo. Pakona panali sitampa yakale, yosadindidwa.

A Loke anakayandikitsa kumaso. "Ankafuna kulitumiza pa positi," anatero. "Khomo loyandikana." Anayamba kuseka, kuseka kunasanduka chifuwa, ndipo Yalini anadikira mpaka chinatha.

Anagwira thabwalo ndi manja awiri, anapinda mawondo mmene akanathera, analigogoda pansi kawiri. Kenaka anayendetsa chala chachikulu pamwamba pake.

"Thabwa losapakidwa limauma n'kung'aluka zaka ziwiri zisanathe. Ili mwana akhoza kusewera nalo mawa."

"Analisamala."

"Analisamala. Kungoti sanalibweze. Kuchokera pakhonde lanulo kufika pano sipakwana ndi theka la mtunda umene tinkathamanga."

Njinga yamoto inadutsa mumsewu ikumwaza madzi. Yalini anapukuta manja pa diresi.

"Senthu akuti za nyumbazi munavomera kale."

"Ndinavomera. Amene anabwera nayo nkhaniyo ndi bambo ako. Anati, Loke, inde, tigulitse, takalamba. Ine ndinamanga katundu. Malemu akazi anga anasankha ndi makatani omwe a nyumba ya ku Penang, pafupi ndi mwana wathu, pafupi ndi chipatala, yopanda masitepe. Kenaka tinamva dikira. Akazi angawo anamwalira chaka chachitatu, makatani ali m'pulasitiki. Alipobe."

"Kawiri konse."

"Kawiri. Chitsiru ndine."

"Banja lathu lakulandani zambiri, Ankolo. Buku lija akufuna kulisindikizanso. Ndikhoza kukonza mutu wachinayi."

"Usiye. Amene anaona anafa, otsalawo makutu anatha. Ngati ukufuna kukonza, konza tsamba loyamba. Ubwezerepo dzina lako."

Yalini anawayang'ana.

"Ndinali pompano ndikuthirira," anatero a Loke. "Unali ndi maliboni ofiira, kalata ili m'manja. Ndinamva. Ndinaseka mpaka ndinataya chitini, ndinati, kamwana aka kamugwira."

Yalini anatembenuzira nkhope kumbali. Chimwalirireni bambo ake sanalire, ngakhale pamene bokosi linkalowa kumoto, ndipo azakhali anali atamunena kale kwa achibale. Anagwira waya wa mpanda mpaka unamudinda m'manja. A Loke anayang'ana mandimu awo mpaka anamaliza.

"Ndiye mawa musaina," anatero Yalini pambuyo pake.

"Iwe ukufuna chiyani?"

"Ndikungofuna nthawi yoti ndi..."

"Ayi. Mawu amenewo pampanda uno ndawamva okwanira. Mpira uno amene akuuona bwino ndiwe, ndiye woitana ndiwe. Mawu atsala awiri. Sankha amodzi."

Yalini anayang'ana nyumba. Denga lakuseri linkadontha, utoto unali utasupuka pansi pa mawindo, ndipo chipinda chilichonse chinali ndi chinachake chimene sankafuna kuchikumbuka. Sankaikonda kwenikweni. Koma zaka zonsezi sanagonemo tsiku ndi limodzi popanda khutu kukhala tcheru kudikira dzina lake kapena kabelu, ndipo ankafuna kudziwa mmene nyumbayo imamvekera popanda womuitana. Kuseri kwa galaja ku Perth dzina lake likanayambanso kuitanidwa m'mawa woyamba.

"Ayi," anatero.

"Sindinamve. Pabwalo sanong'ona."

"Ayi, Ankolo. Sindigulitsa."

"Mlongo wako akakusumira."

"Akasume."

"Angasume, koma kampani siigula theka la denga. Ine ndikapanda kusaina, changu chake chithera pomwepo." Anakanda chibwano. "Mwana wanga andikalipira pa foni mpaka batire kutha. Mawondo awa andikalipiranso, masitepe aliwonse."

"Ndiye mukuchitiranji? Simuli ndi mangawa kwa ife."

"Ndilibe. Koma zaka makumi asanu ndakhala ndikufuna kumva munthu wa m'nyumba imeneyo akunena mawu amodzi n'kuima pomwepo." Anatsamiritsa thabwa pamphika wa mandimu. "Tamvera. Malinga ndili moyo, ine sindichoka pamzere wanga iwe usananene. Tsiku limene udzafune kupita, kaya ndi chaka chamawa kaya ndi liti, udzabwere pano udzati inde, tidzathamangira limodzi. Koma ukadzati inde, usadzandionetse msana."

"Sindidzatero."

"Nena bwinobwino."

"Sindidzakuonetsani msana, Ankolo."

A Loke anatambasula dzanja pamwamba pa waya. Linali loterera ndi mafuta a bambo ake, ndipo Yalini analigwira molimba.